Jombo za Orville pa Mchenga

Ine ndine Delmus Creel, ndipo ngati munadyapo nkhanu zokoma m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Alabama mpaka ku Florida, mwina munadyera m'mbale yanga. Ndinayamba ndi mphika wobwereka ndi tebulo lothyoka mwendo m'mphepete mwa msewu. Lero malo anga odyera alipo asanu, onse oyang'ana kumadzi. Dzikoli ndaliyenda ndithu. Ndadya ku Lisbon, ndavina ku Rio mpaka nsapato kung'ambika, ku Perth ndinagwira nsomba yoti anthu atatu analephera kuinyamula. Koma tsiku limene mtima wanga unatsala pang'ono kutulukira pakamwa silinandipeze kutali konseko. Linandipeza kuseri kwa khitchini yanga yomwe, Loweruka m'mawa, nditavala suti.

Zaka zimenezo wayilesi inali itasintha. Ife tinakula ndi nyimbo za kantiri zonena za sitima yapamtunda, za ndende, za mayi akulira pakhonde, za munda wolandidwa. Kenaka mnyamata wina ku Nashville, mzinda wa oimba kantiri, anavula nsapato, n'kujambulitsa ali pa mchenga ndi gitala, nyimbo yake n'kuphulika dziko lonse. Basi, onse anathamangira kunyanja. Anthu obadwira pakati pa minda ya chimanga, oti madzi ambiri amene anawaonapo ndi a m'bafa, anayamba kuimba za mafunde ndi mowa wozizira wokwirira mu mchenga. Ine sindinadandaule. Nyimbo iliyonse yotere inkanditumizira magalimoto odzaza anthu anjala, ovala zipewa za abusa a ng'ombe kumutu ndi masilipasi kumapazi. Malo anga achinayi ndi achisanu anamangidwa ndi nyimbo zimenezi.

Koma mvula imene imameretsa chimanga cha wina ndi yomwe imagwetsa khoma la mnzake. Mnzakeyo anali Orville Stamper.

Ndinadziwana ndi Orville tili anyamata. Ine ndinkanyamula nkhanu pa ayezi kukagulitsa ku Nashville, ndalama ya hotela ndilibe, iye n'kumandigoneka pansi m'kachipinda kake. Anabadwira kumapiri a Kentucky, anagwirapo ntchito mu mgodi wa malasha, kenaka anakhala wolemba nyimbo. Ntchito imeneyi ku Nashville imayenda chonchi: kampani imakupatsa chipinda cholemberamo ndi malipiro, iwe n'kumalemba nyimbo zoti oimba otchuka azisankhapo. Orville anakhala m'chipinda chimodzi zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo analiza anthu ambiri kuposa anyezi yense wa m'khitchini zanga.

Anali ndi lamulo limodzi: salemba chimene thupi lake silinachidziwe. Pofuna kulemba za ndende, anakapempha apolisi a kwawo kuti amutsekere mpaka Lolemba. Pofuna kulemba za sitima, anakwera ngolo ya katundu mpaka ku Memphis. Kunyanja ndinamuitana zaka makumi anayi, osabwera.

Tsiku lina mu Januwale anandiimbira foni.

"Delmus, andipatsa mpaka kumapeto kwa Febuluwale."

"Ndani?"

"Bwana watsopano, Kendra Voss. Msinkhu wa mwana wanga womaliza. Akuti nyimbo zanga n'zabwino, koma chaka chino palibe akufuna kulira. Ndibweretse imodzi ya kunyanja yoti woimba wina aitenge, apo ayi chipinda changa apatsa anyamata awiri ovala makabudula."

"Ndiye ukudikira chiyani? Lemba!"

"Nyanja sindinaionepo, iwe."

"Anzakowo anaiona? Amaionera pa kalendala."

"Iwo ndi iwo. Ine ndili ndi zaka sikisite-folo, Delmus. Ndikatuluka m'chipinda chija palibe wina anganditole."

"Kwera galimoto ubwere kuno," ndinatero. "Nyanja ndili nayo kuseri kwa nyumba. Dzuwa la kwathu silipita kutchuthi. Ukafika pano nyimbo idzachita kukugwera pamutu."

Nyimbo za nyengo yotentha zimalembedwa mu Januwale, kuti pofika Meyi zikhale zajambulidwa ndipo zikumveka pa wayilesi. Zimenezo ndinkazidziwa. Chimene sindinadziwe n'chakuti Orville abwera ndi chisanu choti agogo a m'tauni mwathu anali asanachionepo. Madzi a m'zithaphwi anaundana. Mphepo inkachokera kumpoto ngati yatumidwa. Nyanja, imene masiku onse imakhala yobiriwira mochita kuoneka pansi, inali yotuwa ngati madzi otsukira mbale.

Anatsika m'galimoto atavala jekete lalikulu, chipewa chakuda ndi jombo zake zachikopa. Anayang'ana madziwo ali patali, pamalo oimika magalimoto, nthawi yaitali.

"Limenelo ndiye dzuwa lako lija?"

"Langopita kukadya, libwera."

"Madzi onsewa ndi a chiyani?"

"Ndi nyanja, Orville. Ndi mmene imakhalira."

"Achuluka," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinamupatsa tebulo la pawindo m'malo anga aakulu, malo amene anthu amalimbirana mu Julayi. Anakhala chofulatira windolo n'kuyamba ntchito. Munthuyo ndi katswiri, musamuone kuuma nkhope. Tsiku lotsatira dzuwa lisanapendeke anatiitana, ine ndi Earlene, mayi amene amalamulira khitchini yanga ndi ine ndemwe.

Ndime yoyamba inali yokoma zedi. Mnyamata ndi mtsikana afika pagombe, wayilesi ikulira, mchenga ukutentha. Ine ndinayamba kugwedeza phewa. M'ndime yachiwiri mnyamata uja analowa m'madzi, osatulukanso.

"Wamira?" anafunsa Earlene.

"Eya, mayi."

"Pa tchuthi?"

"Madzi sadziwa za tchuthi."

"Orville, mnzanga," ndinatero, "anthu akufuna kumvera nyimboyi akupita kukasambira ndi ana awo. Mutulutse mnyamatayo."

Anayesa. M'nyimbo yachiwiri mnyamatayo anapulumuka, koma anamira ndi bambo ake pomupulumutsa. Yachitatu ndinamuletsa kulowetsa munthu aliyense m'madzi, ndiye analemba za mayi wokhala pa mchenga kudikira mwamuna wake wa pa sitima yam'madzi amene aliyense akudziwa kuti sadzabwera. Earlene anayamba kumafunsa akamubweretsera khofi: "Bambo Stamper, lero mwamiza angati?"

Tinkaseka, koma chifukwa chake ndinkachidziwa. Orville ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mtsinje wa kwawo unasefukira n'kukokolola theka la mudzi, iye akuonerera ali padenga la tchalitchi. Madzi amene thupi lake linkawadziwa anali amenewo. Mwa lamulo lake lija, sakanatha kulemba ena.

Ndiye ndinaganiza zomupangira chilimwe. Munthu amene anamanga malo asanu kuchokera pa mphika umodzi sangagonje ndi Januwale. Ndinabwereka mbaula za gasi zonse za m'tauni. Ndinatumiza lole ya mchenga n'kuuthira pansi m'chipinda chodyera. Nyengo yachisanu kwathu kumadzaza agogo ochokera kumpoto, othawa chipale cha kwawo, ndipo ndinawalonjeza chakudya chaulere onse amene abwere atavala zosambira. Anabweradi, miyendo yoyera ngati makandulo, ena ndi ndodo zoyendera, n'kumaponyerana mpira momuzungulira Orville. Iye anakhala pakati pawo ndi jombo ndi chipewa, thukuta lili kamukamu, pensulo osagwedezeka.

"Taona mmene anthu akusangalalira!" ndinakuwa.

"Mdala uyo wavala kabudula wa maluwayo akupuma movutikira," anayankha. "Safika Isitala."

Earlene anandikokera pambali. "Bwana, mchengawu ausesa ndani? Chifukwa ine ayi."

Panalinso chinthu china chimene ndinachita osamuuza Orville. Loweruka lililonse masana, nyengo yachisanu, pamalo anga pamakhala bwalo la olemba nyimbo. Atatu kapena anayi amakhala pa mipando italiitali, aliyense n'kumaimba nyimbo yake motsatana, ndipo omvera sayankhula, ngakhale supuni siilira. Nthawi yako ikakwana sudumphidwa. Ine, podalira mchenga wanga ndi mbaula, ndinamuimbira foni Kendra Voss kuti abwere adzamve yekha nyimbo ya kunyanja yoposa zonse. Anavomera.

Ndinamuuza Orville Lachisanu madzulo dzuwa likulowa. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaika gitala m'bokosi lake n'kutseka pang'onopang'ono.

"Wachita bwino," anatero. "Aone yekha kuti ndatha. Ukudziwa, Delmus, bambo anga mgodi utatsekedwa anakhala pakhonde miyezi ingapo, osadwala, osadandaula, kenaka anangopita. Munthu ntchito yake ikatha amakhala watsala chikopa chokha."

"Usayankhule zopusa. Idya nkhanu."

Sanadye.

Loweruka m'mawa ndinavala suti yanga yoyera, yosokedwa ku Naples ndi telala amene amasokera nduna, kuti ndikamulandire Kendra. Ndinagogoda kuchipinda cha Orville, zii. Bedi linali loyala bwino, gitala ali pakona. Galimoto yake inali pamalo ake. Ndinafunsa kukhitchini.

"Ndawaona akutsikira kugombe," anatero Earlene. "Ndinadabwa, chifukwa chibwerereni sanapondeko."

Ndinatuluka pakhomo lakuseri. Gombe linali lopanda munthu, mphepo ikuulutsa mchenga. Ndiye ndinaziona. Jombo ziwiri zachikopa, zoimikidwa bwinobwino pamodzi, masokosi opindidwa ali m'kati mwake, thovu la mafunde likuzinyambita. Chapatsogolo, m'madzi, chipewa chakuda chinkakwera ndi kutsika.

Zaka makumi anayi ndinali ndisanaonepo mapazi a Orville Stamper. Ngakhale m'kachipinda kaja ku Nashville ankavula jombo magetsi atazima. Amuna a kwawo amavula jombo pogona, ndipo kachiwiri amachita kuvulidwa ndi ena akamwalira. Mawu ake a dzulo aja anandibwerera onse.

Ndinapulumukapo mkuntho pa nyanja ya India, sitima ikupendekeka mbale zikuuluka, ine ndikuimba nyimbo. Apa sindinaimbe. Ndinakuwa dzina lake, mphepo n'kulibweza. Nyengo yachisanu kugombe kulibe opulumutsa anthu. Ndinathamangira m'madzi ndi suti yomweyo. Kuzizira kwake kunandimenya ngati chikwanje. Ndinafika m'mawondo, m'chiuno, m'chifuwa, ndinagwira chipewa chija n'kufufuza pansi pake ndi manja ngati kuti munthu angabisale pansi pa chipewa. Funde linandigwetsa, ndinamwa madzi amchere, ndinadzuka ndikulira ngati mwana.

"Orville! Orville, iwe!"

"Delmus, ukutani m'madzimo?"

Mawuwo anachokera kumanzere. Pamenepo pali mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja, umene asodzi amaimapo. Pansi pake, kuseri kwa mzati, pobisalira mphepo, panaima munthu wadazi, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, madzi akumufika mu akakolo.

Mmene ndinatulukira m'madzimo sindikumbuka. Ndinamukumbatira, ndinamumenya chibakera paphewa, ndinamukumbatiranso.

"Ndimayesa wamira, chitsiru iwe!"

"Ine? Kumira? Sindinapitirire apa. Chipewa chinauluka ndi mphepo, ndinati chipite, sindingachitsatire m'menemo. Wandinyowetsa, tandisiya."

"Nanga jombo?"

"Nyimbo zonse za anyamata aja zimati opanda nsapato, opanda nsapato. Usiku ndinaganiza kuti mwina vuto lili pamenepo. Mchenga wako wa m'nyumba uja ndinauponda ndi jombo." Anayang'ana pansi. Mapazi ake anali oyera ngati nsomba za m'phanga, zala zopanikizana. "Taima phee. Funde likamabwerera, mchenga umathawa pansi pa chidendene. Umakhala ngati ukuyenda koma uli pomwepo. Umadziwa zimenezi?"

"Aliyense amadziwa."

"Ine sindimadziwa. Ndipo zimanyerenyesa." Nkhope yake inachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, ngati khomo la dzimbiri likutseguka. Orville ankaseka. "Tiye, ndipatse pensulo ndisanaiwale. Mapazi sindikuwamvanso."

Earlene anatilandira pakhomo ndi matawulo. Anayang'ana suti yanga, imene tsopano inali ndi ndere m'matumba.

"Telala wa nduna uja akanakuonani, bwana."

"Ndapulumutsa munthu, Earlene."

"Mwapulumutsa chipewa."

Kendra Voss anafika masana. Ndinkayembekezera mkango, koma anali mtsikana wotopa, wonyamula mafoni awiri, amene nayenso anali ndi mabwana ake omupanikiza. Ndinamulandira nditavala malaya a maluwa ndi bulangeti. Ndisanamukhazike pansi anandiuza motsitsa mawu:

"Bambo Creel, ine ndinakula ndi nyimbo za bambo Stamper. Pa maliro a agogo anga tinaimba yawo. Musaganize kuti zikundisangalatsa. Koma akaimba za maliro lero, palibe chimene ndingachite."

Chipinda chinadzaza ndi agogo a kumpoto aja, ulendo uno atavala majuzi. Pa mipando panakhala olemba atatu. Woyamba, mnyamata wa ndevu, anaimba za mowa ndi dzuwa. Wachiwiri, mtsikana wa ku Georgia, anaimba za mowa ndi mwezi. Kenaka inafika nthawi ya Orville. Anakwera pampando wopanda nsapato, mapazi ofiira ndi kuzizira ali lendelende, anthu onse akuwaona.

"Iyi ndailemba m'mawa uno," anatero. "Mukaona ndalakwitsa, n'chifukwa cha zala, zaundana."

Anayamba ndi kamayimbidwe kopepuka, kodumphadumpha, koti sindinkadziwa kuti gitala wake amakadziwa. Inali nyimbo ya munthu wa mu mgodi amene watenga mapazi ake kukawaonetsa nyanja. Mapazi awa anabadwira mu mdima, inatero, anakulira mu jombo, anayenda mtunda wonse osaona kumene akupita. Lero ndawatulutsa. Zala khumi zikufunsa mchenga dzina lake.

Ndime yoyamba itatha ndinagwira mkono wa Earlene. Yachiwiri ndi imene inkapha anthu. Munthu wa m'nyimboyo anayandikira madzi. Funde linabwera. Earlene anatseka maso. Funde linamunyambita akakolo n'kubwerera, munthuyo n'kuseka yekha ngati mwana, n'kuliuza kuti libwerenso.

"Wapulumuka," ananong'ona Earlene. "Ambuye alemekezeke."

Pofika kolasi yomaliza, mdala wa kabudula wa maluwa uja, amene anagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Michigan moyo wake wonse, anawerama n'kumasula zingwe za nsapato zake. Mkazi wake anachita chimodzimodzi. Mchenga wanga uja unali udakali pansi, chifukwa Earlene anakanadi kusesa, ndipo posakhalitsa theka la chipinda linali likuuponda ndi mapazi. Ndani ananena kuti lole ya mchenga inali yopanda nzeru?

Kendra sanaombe m'manja. Anali atakweza foni imodzi m'mwamba nyimbo yonse, ndipo itatha anatuluka nayo panja, pa mphepo. Tinkamuona pawindo akuyendayenda, akuyankhula, dzanja lili pakhutu. Orville anatsika pampando n'kukhala pafupi nane. Earlene anamubweretsera beseni la madzi otentha, iye n'kuviika mapazi. Ine, amene ndinakambiranapo mitengo ndi amalonda a ku Istanbul osaphethira, ndinkangopinda ndi kupindula kansalu ka patebulo.

Analowa mphuno ili yofiira.

"Bambo Stamper, amene amakumverani pafoniyo ndi wojambula chimbale cha woimba wathu wamkulu. Akuti tiigwire, tisampatse wina aliyense. Akufuna kuijambula mwezi wamawa." Anakhala pansi n'kupuma kwambiri, ngati nayenso watula katundu. "Chipinda chija n'chanu. Zaka zina ziwiri, ndikakonza Lolemba."

Orville anangogwedeza mutu. Kenaka anayetsemula mwamphamvu mpaka madzi a m'beseni anatayikira. Ndinaitanitsa nkhanu za chipinda chonse, zaulere, ndipo ndinaimirira kuti ndinene mawu, koma onse ndinawaiwala. Zimenezi sizinandichitikirepo, funsani aliyense. Ndinangokhala pansi n'kumuyang'ana mnzanga akudya mbale yake yoyamba chibwerereni, akusenda nkhanu molakwika, ali moyo.

"Pali kanthu kamodzi," anatero Kendra. "Akufunsa ngati mungalembenso ina isanafike Epulo. Akufuna ya munthu ali pa bwato."

Orville anasiya kutafuna. Anayang'ana pawindo, kumene mafunde otuwa ankamenya mizati ya mlatho, kenaka anayang'ana ine.

"Delmus, bwato limagwedera kwambiri?"

"Ndili ndi mnzanga kaputeni amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwongolera. Pa bwato lake ukhoza kuimika dzira patebulo."

"Ukunama."

"Pang'ono."

"Umuuze andikonzere majekete oyandamitsa awiri," anatero, n'kutola nkhanu ina. "Ndi chingwe. Ndipo tiyambire pamene likadali lomangirira padoko."